Safunsa Anadya Phula: Za Pulogalamu Yolonda Zipangizo za Netiweki

Aliyense amene anakhalapo m'nyumba ya mpopi wakewake m'tauni am'dziwa munthu uja amene amafika kamodzi pa mwezi, cholembera chili kukhutu, buku lili m'khwapa, naodira pachipata, nawerama pa mita ya madzi kuseri kwa nyumba, napukuta fumbi la pagalasi ndi chala chachikulu, nalemba nambala imene waipeza, natsazika osalawako ngakhale dontho la madzi amene anadzerawo. Mita ija siidziwa kuti mwezi unayamba liti, siidziwa ngati madziwo anapita mumphika kapena m'dimba la mpiru, siikumbukanso tsiku limene inawerengedwa komaliza. Yake ntchito n'kungosanjika nambala pamwamba pa nambala, usana ndi usiku, chiyambire tsiku limene amisiri anaimanga pa paipi. Nzeru yonse yodziwira kuti banja ili lamwa madzi ochuluka motani ili mwa wowerenga uja ndi mwa kalaliki wa ku ofesi, amene amachotsa nambala ya mwezi watha pa nambala ya mwezi uno. Ndipo awiriwa akaphonya, mita imakhala yosalakwa, koma wolira ndi mwininyumba.

Ndayamba ndi mita ya madzi chifukwa nkhani ya m'mutu uno, ngakhale ioneke yachilendo ndi yodzala ndi mayina a Chingerezi, tsinde lake ndi lomwelo. Intaneti si mphepo chabe, koma mawaya ndi mabokosi: mauthenga athu amadutsa m'marauta, amene amasankha njira yopita kutali, ndi m'maswichi, amene amagawira mauthengawo makompyuta a m'nyumba imodzi. Bokosi lililonse lotere lili ndi timabowo tolowetsamo mawaya, timene amisiri amatitcha mapoti, ndipo pa poti iliyonse limawerenga mwakachetechete zolowa ndi zotuluka, zoonongeka panjira ndi zotayidwa chifukwa cha kuthinana. Pamene mabokosi ali awiri kapena atatu, mmisiri akhoza kuwayendera yekha, naona nyali zobiriwira zili kuphethira, nakhutira. Koma pamene akwana mazana, ena ali m'chipinda chapansi, ena pansonga ya nsanja ya paphiri, ena kutsidya kwa nyanja, palibe miyendo imene ingathe ulendowo, ndipo m'pamene ntchitoyi imaperekedwa kwa pulogalamu ya pakompyuta, yosatopa ndi yosawodzera, imene imazungulira mabokosi onse ndi mafunso ake, nilemba mayankho, niyambanso. Kufunsa kobwerezabwereza kumeneku eni lusoli amakutcha polling.

Chilankhulo chimene pulogalamuyo imafunsira chinabadwira ku America, masiku amene intaneti inali isanafike m'manja mwa anthu wamba, ili ya masukulu aukachenjede ndi malo ofufuzira zinthu, koma ili kukula kale mofulumira koposa mphamvu za oisamala. Mu Novembala 1987 amuna anayi, Jeffrey Case wa ku University of Tennessee pamodzi ndi Mark Fedor, Martin Schoffstall ndi James Davin, anafalitsa njira yapafupi yoonera marauta, naitcha SGMP. M'miyezi yotsatira anaikuza, nikhala SNMP, dzina lotanthauza njira yosavuta yoyang'anira netiweki, imene inalembedwa koyamba m'chikalata cha RFC 1067 mu Ogasiti 1988, nikhazikika m'chikalata cha RFC 1157 mu Meyi 1990. Koma taonani chodabwitsa: akuluakulu oyang'anira intaneti a nthawi imeneyo, m'chikalata chimene Vinton Cerf analemba mu Epulo 1988, anailandira SNMP monga msasa wa paulendo chabe, wogonamo masiku owerengeka poyembekezera nyumba ya njerwa, ndiyo njira ina yaikulu ndi yolemera ya bungwe la ISO yotchedwa CMIP, imene ambiri anayesa kuti idzalowa ufumu posachedwa. Nyumba ya njerwayo inasowa okhalamo pa intaneti, pakuti inali yovuta kumanga, ndi yolemetsa timabokosi tofooka ta masiku amenewo. Msasa uja ndiwo ukali chiimire kufikira lero, patapita zaka zoposa 30.

Chimene chinaupulumutsa msasawo n'chakuti oumanga anagawa katundu mosalingana, ndipo anatero dala: mtolo wolemera anasenzetsa wofunsa, wopepuka anapatsa wofunsidwa. M'bokosi lililonse muli kapulogalamu kakang'ono kotchedwa agent, kamene tingakafanizire ndi nyakwawa: kamadziwa za mudzi wake wokha, sikayamba nkhani kasanafunsidwe, ndipo kakafunsidwa kamayankha mwachidule, osaonjezera ndemanga. Kumbali inayi kuli manager, ndiyo pulogalamu ya kulikulu, imene ikhala ngati mfumu yaikulu yotuma amithenga ake m'midzi. Mthenga akafika pabokosi sagogoda paliponse, koma pakhomo lodziwika, la nambala 161. Ndipo mawu amene aloledwa kunena ngowerengeka. Akhoza kuti Get, ndiko kunena kuti, ndiuzeni chakutichakuti. Akhoza kuti GetNext, ndiko kuti, ndiuzeni chotsatana ndi chimenechi. Akhozanso kuti Set, ndiko kulamula kuti chakuti chisinthike, ngakhale amisiri ochenjera lamulo limeneli amaliletseratu pa mabokosi awo. Nyakwawayo ili ndi ufulu wa mawu amodzi okha osafunsidwa, otchedwa Trap, ndiyo mfuu imene imakuwa pakagwa zadzidzidzi, kulunjika kukhomo la 162 la kulikulu.

Nanga mthenga atchula bwanji chimene wadzera, popeza mabokosiwa anapangidwa ndi makampani osiyana, m'mayiko osiyana? Apa m'pamene pali luso limene ine ndimalisirira. Chinthu chilichonse chofunsidwa chili ndi dzina la manambala olekanitsidwa ndi timadontho, lotchedwa OID, ndipo dzinalo limawerengedwa monga munthu wa kumudzi amadzitchulira pamaso pa aboma, kuyambira pa dziko, kutsikira ku boma lake, kwa mfumu yaikulu, kwa gulupu, kufikira pamudzi ndi pakhomo pa amake. Tengani dzina ili: 1.3.6.1.2.1.1.3.0. Nambala yoyamba ndi ya bungwe la ISO, yachiwiri ndi ya mabungwe odziwika pansi pake, 6 ndi ya unduna wa zachitetezo wa America, umene unalera intaneti ikali khanda, 1 wotsatirayo ndiye intaneti mwini wake, 2.1 ndi kaundula wa zinthu zimene bokosi lililonse liyenera kudziwa, ndipo 1.3.0 ya kumapetoyo ndi nthawi imene yapita chidzukire kapulogalamu ka m'bokosimo, imene amisiri amaitcha sysUpTime. Kaundula ameneyu, wotchedwa MIB, anam'konza Keith McCloghrie ndi Marshall Rose, ndipo kope lake lachiwiri, MIB-II, linakhazikika mu Malichi 1991. Kampani imene ili ndi zakezake zoti ziwerengedwe imapatsidwa nthambi yake pansi pa 1.3.6.1.4.1: IBM inalandira 2, Cisco 9, Hewlett-Packard 11, ndipo Huawei ndi 2011 wake, kapena MikroTik ya ku Latvia ndi 14988 wake, manambala awo okha aulula kuti anafika bwalo litadzaza kale. Si marauta okha amene alankhula chilankhulochi: makina osindikizira a mu ofesi amanena inki yotsala, ndipo UPS, bokosi lija la mabatire logwiriziza makompyuta magetsi akazima, limanena mphindi zimene zatsala lisanafe nalonso.

Wolemba pulogalamu amene afuna kuti pulogalamu yake izidzifunsira yokha zinthu zimenezi sayamba ndi kusula khasu, pakuti makasu alipo kale. Zida zimene zinayambira ku Carnegie Mellon University, nizipitirizidwa ndi Wes Hardaker ku University of California, Davis, zimadziwika kuyambira mu 2000 ndi dzina la Net-SNMP, ndipo n'zaulere kwa aliyense. Olemba m'chilankhulo cha Java ali ndi SNMP4J, olemba mu Python ali ndi PySNMP. Mmisiri wokhwima amayamba ndi manja, asanalembe mzere ndi umodzi womwe: amatenga kachida kotchedwa snmpwalk, kamene kamangobwereza GetNext kuyambira patsinde kufikira tsamba lomaliza, monga anthu a kalembera ayenda khomo ndi khomo, ndipo kamam'tsanulira zonse zimene bokosilo lidziwa, nthawi zina mizere zikwizikwi. Akasankhamo zochepa zimene zim'khudza, amaipatsa pulogalamu yake zinthu zinayi: keyala ya bokosi, mawu achinsinsi, mayina a manambala aja, ndi utali wa nthawi yoti idikire yankho. Kufika apa ntchito njopepuka, ndipo mwana wa sukulu wochangamuka angaithe madzulo amodzi. Chovuta chimayamba mayankho akafika.

Tiyeni tikhale pambali pa pulogalamuyo tione. Pa 8 koloko m'mawa ifunsa rauta kuti pa poti yachitatu palowa mabaiti angati, ndipo funsolo m'manambala ndi 1.3.6.1.2.1.2.2.1.10.3. Rauta iyankha kuti 1,000,000,000. Nambala imeneyi payokha ilibe phindu, monganso nambala ya pa mita ya madzi ilibe phindu kwa mlendo amene waiona kamodzi. Siinena ngati poti yadzaza kapena ili kugona, ingonena zonse zimene zalowa chidzukire bokosi. Pulogalamu iilemba, nilembanso nthawi, nidikira. Patapita mphindi 5 ifunsanso funso lomwelo, nimva kuti 1,375,000,000. Tsopano pali chochita: kuchotsera, patsala mabaiti 375,000,000, baiti iliyonse ili ndi mabiti 8, chotero ndi mabiti 3,000,000,000, kugawa ndi masekondi 300, tipeza mabiti 10,000,000 pa sekondi, amene amalonda a intaneti amawatcha mamegabiti 10. Rauta sinanene liwiro limeneli, ndipo sinalidziwe n'komwe. Walipeza ndi wofunsa. Ndipo wofunsa waulesi, amene angoganiza kuti papita masekondi 300 osayang'ana koloko, pamene yankho lachiwiri linachedwa ndi theka la mphindi, wayamba kale kunamiza omudalira.

Palinso msampha wina, wobisika koposa. Chowerengera chakale cha m'mabokosiwa chili ndi malo a mabiti 32, ndipo nambala yaikulu imene chingasunge ndi 4,294,967,295; chikafika pamenepo sichiima kapena kuchenjeza munthu, koma chibwerera ku 0 nichiyambanso, monga mita ya mtunda ya galimoto yakale imene manambala ake onse atembenuka. Pulogalamu imene inamva 4,200,000,000 poyamba, nimva 280,032,704 kachiwiri, ikachotsera ipeza kuti zolowa zachepa m'malo mochuluka, chinthu chosatheka. Yophunzitsidwa bwino izindikira kuti chowerengera chazungulira, nionjezera 4,294,967,296, nipeza mabaiti 375,000,000 omwe aja. Masiku amene mawaya anali a mamegabiti 10, kuzungulira kumeneku kunali kuchitika pafupifupi mphindi 57 zilizonse waya atadzaza, ndipo wofunsa wa mphindi 5 sanali kuphonya; pa mamegabiti 100 kunafika mphindi zosakwana 6, madzi ali m'khosi; koma pa waya wa gigabiti imodzi chowerengera chimazungulira m'masekondi 34, ndiko kuti kasanu ndi katatu pakati pa funso ndi funso linzake, ndipo palibe masamu amene angabweze zimene zatayika pamenepo. N'chifukwa chake kope lachiwiri la SNMP, la mu 1993, linabweretsa zowerengera za mabiti 64, zimene pa gigabiti imodzi zingathe zaka zoposa 4,000 zisanazungulire. Koma chowerengera chakale chija chikadalimo m'mabokosi, pambali pa chatsopano, ndipo chimayankha mwaulemu aliyense wochifunsa. Sichidzamuuza kuti wagogoda pakhomo lolakwika.

Ndikumbuka m'mawa wina, pa ofesi ina imene dzina lake silitipindulira kanthu, mnyamata wongoyamba kumene ntchito anathamangira kwa mkulu wake, pepala lili m'manja, nkhope itagwa.

"Bwana, atibera intaneti usiku! Taonani pa 3 koloko apa, mzere wakwera mpaka 88."

Mkuluyo anavala magalasi ake mosafulumira, nayang'ana nsonga ija imene inaima yokha pakati pa chigwa ngati chulu m'dambo, nati: "Mwanawe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Waya wathu ndi wa mamegabiti 10. Nanga 88 ameneyu wadutsa pati? Pita ukafunse bokosilo kuti ladzuka liti."

Mnyamatayo anakafunsa sysUpTime, nabwera ndi nambala yoposa pang'ono 1,800,000; ndipo popeza nthawi imeneyi imawerengedwa m'tizigawo 100 pa sekondi, anali maola 5. Magetsi anali ataphethira usiku, rauta ija sinali pa mabatire, inafa nidzukanso, zowerengera zake zonse zitabwerera ku 0. Pulogalamu inali itamva 1,000,000,000 magetsi asanazime, nimva 5,000,000 atayaka. Inayesa kuti chowerengera chazungulira, nionjezera mabiliyoni 4 aja mokhulupirika monga inaphunzitsidwira, nibala mbala imene kunalibe. Kuyambira tsiku limenelo mnyamata uja anailamula pulogalamu yake kuti pa ulendo uliwonse izifunsa nthawi ya chidzukire pamodzi ndi mabaiti, ndipo ikaona kuti nthawiyo yabwerera m'mbuyo, itaye muyeso umenewo. Ndingoonjezera pano kuti nthawi ya chidzukire nayonso ili ndi mabiti 32, ndipo imazungulira pakatha masiku 497, kotero kuti bokosi lokhulupirika limene silinazimepo chaka ndi miyezi inayi likhoza kunamiziridwa kuti linafa. Ndiponso mabokosi ena akadzuka amasintha manambala a mapoti awo, yachitatu nikhala yachisanu, kotero kuti wosafunsa dzina la poti amalemba za poti ina m'buku la yachitatu miyezi yambiri osadziwa.

Choposa manambala osokeretsa ndi chete. Mafunso a SNMP amayenda m'njira yotchedwa UDP, imene ili ngati kufuula kutsidya kwa mtsinje: palibe kupatsana moni, palibe kutsimikizirana kuti mawu afika, ndipo mphepo ikawatenga, yawatenga. Oikonza anasankha njirayi ndi cholinga, pakuti netiweki ikamadwala ndiyo nthawi imene mlonda afunika koposa, ndipo kauthenga kamodzi kopepuka kamapyola pamene kukambirana kwautali kukadakanika. Koma chotuluka chake n'chakuti funso likapanda kuyankhidwa wofunsa sadziwa chimene chagwa: kaya bokosi lafa, kaya waya waduka pakati, kaya funso linatayika popita kapena yankho pobwera, kaya bokosi latanganidwa ndi ntchito yake yeniyeni lam'siya mthenga ali chiimire, kaya mawu achinsinsi ngolakwika, pakuti nyakwawa ikamva mawu olakwika siikalipa, ingokhala duu ngati sinamve. Zida za Net-SNMP, mukapanda kuziuza zina, zimadikira sekondi imodzi, nizibwereza funso kasanu zisanagonje. Pulogalamu yopusa ikakumana ndi chete imalemba 0, ngati kuti poti inagona osanyamula kanthu. Yanzeru imasiya mpata m'buku, pakuti kusamva n'kwina, kupanda kanthu n'kwinanso.

Kudikira kumeneku kuli ndi mtengo wake, umene umaoneka tsiku la tsoka lokha. Pulogalamu imene imafunsa mabokosi limodzilimodzi, osapita kwa wachiwiri woyamba asanayankhe, imayenda bwino nyengo yonse ya mtendere; koma tsiku la mkuntho, pamene mabokosi 60 azima pamodzi, nililonse likudya masekondi 6 a kudikira, papita masekondi 360, ulendo wotsatira wakwana woyamba usanathe, ndipo mabokosi amoyo asowa wowafunsa chifukwa mthenga wachedwa pamaliro. Funso lililonse la SNMP limanyamula nambala yakeyake imene yankho limabwera nayo, ndipo ichi chimalola pulogalamu kutuma amithenga mazana nthawi imodzi, nizindikira aliyense pobwera. Kope lachiwiri lija linaonjezeranso mawu a GetBulk, opempha mizere yambiri m'funso limodzi, kuti swichi ya mapoti 48 isafunsidwe kambirimbiri za chinthu chimodzi.

Nanga kufunsa kangati? Mwambo wa mphindi 5 unafala ndi ntchito ya Tobias Oetiker wa ku Switzerland, amene mu 1994 anali pa De Montfort University ku Leicester, m'dziko la England, kumene makompyuta oposa 1,000 anali kumwa pa kasupe mmodzi wa intaneti wa makilobiti 64 pa sekondi. Posakhoza kukuza kasupeyo, anati bola anthu aone ndi maso awo mmene wadzazira. Analemba kapulogalamu kofunsa rauta ya sukuluyo mphindi 5 zilizonse, kojambula galafu, zolowa zobiriwira, zotuluka za buluu, nakaika poti aliyense aone. Mu 1995 anakagawira dziko lonse ndi dzina la MRTG, ndipo mu 1999 anatulutsa RRDtool, nkhokwe yosakula, imene imasunga za lero mwatsatanetsatane, za mwezi watha mophatikiza, za chaka chatha mophatikiza koposa, monga mtima wa munthu ukumbukira. Pa nkhokwe imeneyi anamangapo Cacti ndi mapulogalamu ena ambiri. Koma mphindi 5 zimabisa zambiri. Poti imene yadzaza thothotho masekondi 30, nigona masekondi 270, pa galafu ioneka ngati yanyamula gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake. Mmisiri aloza galafu nati zonse zili bwino, pamene anthu a m'maofesi ali kudandaula kuti mawu ali kudukaduka akamayankhulana pa intaneti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wofuna kuona nyererezo afupikitse nthawi, kufika mphindi imodzi kapena kuchepera apo. Koma walira mvula walira matope, pakuti kaubongo ka rauta n'kochepa, ntchito yake yeniyeni n'kutumiza mauthenga a anthu, ndipo mlonda wogogoda kosalekeza, makamaka wopempha kaundula yense wa njira za intaneti pa ulendo uliwonse, akhoza kulefula bokosi limene anatumidwa kulilonda.

Tisayese kuti manambalawa ngongokometsera khoma la amisiri, ndalama zimayendapo. Makampani ogulitsana intaneti yochuluka amakonda kulipiritsana motere: m'mwezi wa masiku 30 muli miyeso 8,640 ya mphindi 5, amaindanda kuyambira waukulu kufikira waung'ono, nataya 432 ya pamwamba, ndiyo magawo 5 pa 100 alionse, kapena maola 36, ndipo muyeso wotsatira ndiwo mtengo wa mweziwo. Pulogalamu yosadziwa kuzungulira kwa chowerengera ikhoza kudyera wogula kapena wogulitsa, monga kalaliki uja wa madzi.

Wina adzafunsa kuti, kodi n'kuvutikiranji ndi kufunsa konseku, popeza nyakwawa ili ndi mfuu yake? Mfuu njabwino chifukwa njofulumira: poti ikaduka, Trap imafika kulikulu nthawi yomweyo, osadikira ulendo wa mthenga. Koma mfuu imayenda pa waya womwewo umene waduka. Imakuwa kamodzi, ndipo ikatayika yatayika, ngakhale kope lachiwiri linabweretsa mtundu wina wotchedwa Inform, umene umabwereza kufikira utavomerezedwa. Ndipo choposa zonse, wakufa sakuwa. Bokosi limene magetsi alithawira silipeza mpata wotsazika. Likulu lodalira mfuu yokha limayesa chete kuti ndi mtendere. M'pake akale anati safunsa anadya phula. Eni SNMP anaika kufunsa kukhala tsinde, mfuu nikhala cholozera chabe kumene mthenga athamangire msanga, ndipo ine ndiona kuti analondola. Masiku ano makampani aakulu, okhala ndi mabokosi zikwi makumi, ali kutembenukira ku njira zatsopano zimene bokosi limatumiza lokha manambala ake kosalekeza, osadikira funso. Koma ngakhale kumeneko wina kulikulu ayenera kukhala tcheru kuti azindikire mtsinje ukaphwa.

Ndasiya pomaliza chilema chimene SNMP inabadwa nacho. Intaneti ya 1988 inali mudzi wa anthu odziwana, ndipo mawu achinsinsi amene mthenga anena pakhomo, otchedwa community, anali kuyenda pa waya osabisidwa, owerengeka kwa aliyense wotchera khutu panjira. Choipa koposa, opanga mabokosi anazolowera kuwatulutsa m'fakitale ali ndi mawu amodzimodzi, public owerengera, private osinthira, ndipo ogula ambiri sanawakhudze. Pakadafunda padajiwitsa. Wodziwa mawu oyambawo aona mapu onse a netiweki ya mwini. Wodziwa achiwiriwo, ngati lamulo la Set silinaletsedwe, akhoza kutseka mapoti ali kutali. Kope lachiwiri la mu 1993 linayesa kukonza zimenezi ndi njira yovuta imene akatswiri sanagwirizanepo, kotero kuti mu 1996 linatulukanso monga SNMPv2c, litabwerera ku mawu osabisidwa aja, ndipo m'maonekedwe amenewa ndimo linafalikira. Mu Febuluwale 2002 ofufuza a ku University of Oulu, m'dziko la Finland, atayesa mabokosi ndi mauthenga opotozedwa dala, anaonetsa kuti zipangizo za makampani ambirimbiri zinali kugwa kapena kutsegukira adani, ndipo amisiri padziko lonse anathamanga kukamata ming'alu. Mu Disembala chaka chomwecho kope lachitatu, SNMPv3, linakhazikitsidwa kotheratu, lokhala ndi dzina la wofunsa aliyense, chitsimikizo chakuti uthenga sunasinthidwe panjira, ndi kubisa kwa mawu onse. Koma popeza kulikonza kumafuna khama pang'ono, lachiwiri lija likali kulamulira m'maofesi ambiri.

Inu wowerenga, ngati pali ofesi, sukulu kapena chipatala chimene mabokosi ake anaikizidwa m'manja mwanu, ndikupemphani chinthu chimodzi chaching'ono. Za eni musazikhudze, pakuti nyumba ya mwini saotchera mbewa. Koma zanuzo, kuyambira rauta ya pakhomo kufikira makina osindikizira a pakona aja amene aliyense anawaiwala, mawa m'mawa muzigogode chimodzichimodzi pakhomo la 161 ndi mawu akuti public, ndipo chimene chikuyankheni, muchisinthe mawu dzuwa lisanalowe.